Galu Wamkota Sakandira Pachabe

Mwambi uwu unabadwira kuuzimba. Alenje akalowa m'thengo ndi agalu awo, tiagalu tongoyamba kumene timathamanga uku ndi uku, kukanda pachulu, kukanda patsinde pa mtengo, kuuwa ngakhale tsamba likangogwa. Palibe amene amatitsatira. Koma galu wamkota, uja wa imvi kukamwa, akaima malo amodzi n'kununkhiza kawiri, kenako n'kuyamba kufukula dothi, mlenje wanzeru amatula katundu n'kuitanitsa khasu. Pamenepo pali una, ndipo muunamo muli kanthu. Makolo ataona zimenezi anati galu wamkota sakandira pachabe. Mpaka lero timanena mawuwa pochenjeza achinyamata kuti munthu wamkulu akalimbikira chinthu, ngakhale chioneke chopanda mutu, ndiye kuti waona zimene enafe sitinaone.

Mwambiwu tinautenga kwa galu n'kumaunenera anthu. Lero tiubwezere kwa mwini wake, pakuti pakhomo pamene pali galu sipasowa choseketsa. Asanagone amayamba wazungulirazungulira pamalo amodzimodzi. Amakakwirira fupa kuseri kwa nyumba n'kubwerako mphuno ili mbuu ndi dothi. Ukamuyankhula amapendeketsa mutu, khutu limodzi lili njo, linzake lili lende. Ali m'tulo amapalasa miyendo n'kumauwa chapansipansi. Mukakhala pachakudya amadzakhala poteropo, maso ali dwii, kuperekeza mbamu iliyonse kuchoka m'mbale mpaka kukamwa. Ana amaseka mpaka kugwira nthiti, akulu amamwetulira. Kuseka kumeneko n'kwabwino, ndipo nyumba imene imaseka ndi galu wake imakhala ndi moyo. Koma chilichonse mwa zoseketsazi chili ndi gwero lake, ndipo wodziwa gwerolo amayamba kumuona galu ndi maso aulemu.

Tiyambe ndi kuzungulira kuja. Agalu onse, kuyambira timaubweya tam'nyumba za m'tauni mpaka agalu ofiirira a kumudzi, anachokera ku mimbulu yakale ya ku Ulaya ndi ku Asia, zaka pafupifupi 15,000 zapitazo kapena kuposerapo. Makolo awo ankagona m'tchire, kumene pogona umachita kudzikonzera. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti kuzungulira kunali kupondereza udzu kuti ugone pansi ndi kuvumbulutsa tizilombo tobisala m'menemo. Stanley Coren, katswiri wa maganizo wa ku yunivesite ya British Columbia ku Canada, anayesa kugoneka agalu ena pamalo osalala, ena pamalo a zitundazitunda, ndipo anapeza kuti amene anazungulira kwambiri ndi aja a pamalo osasalala. Choncho galu wanu akamazungulira pakhonde la simenti, miyendo yake ikukumbukira udzu umene iye mwini sanagonepo.

Kukwirira fupa nakonso n'chimodzimodzi. Mmbulu ukapha nyama yaikulu n'kukhuta, umakumba dzenje n'kubisamo zotsala, chifukwa m'tchire lero ukhuta, mawa ugona ndi njala. Galu wapakhomo amadya tsiku ndi tsiku, komabe akalandira fupa lalikulu amalinyamula, kuyang'ana uku ndi uku ngati pali womuona, n'kukalikwirira. Amakumba ndi miyendo yakutsogolo, koma pokwirira amakankha dothi ndi mphuno, n'chifukwa chake amabwera nkhope itatuwa. Agalu okhala m'nyumba amafika pobisa bisiketi pakona pa mpando n'kumakankhira ndi mphuno dothi limene kulibeko. Anthu amaseka, koma mlimi amene amaumiriza ana kuti asakhudze chimanga cha m'nkhokwe poganizira za Febuluwale angamumvetse bwino galu ameneyu. Onse awiri amadziwa kuti njala imabwerera.

Nanga kupalasa dothi akatha kudzithandiza? Ambiri amati akukwirira, koma onetsetsani: dothilo limaulukira kutali, choipacho chili pamtunda. Pakati pa zala za galu pamatuluka fungo lakelake, ndipo akapalasa amalisiya pansi pamodzi ndi mizere yooneka ndi maso, kuti galu wina wodutsa adziwe amene anafika pamenepo. Dziko la galu limalowera kumphuno. Munthu ali ndi tinthu tomvera fungo pafupifupi 6 miliyoni m'mphuno mwake, pamene agalu ena ali nato tofika 300 miliyoni. Agalu awiri akakumana n'kuyamba kununkhizana pansi pa mchira, ana amabisa nkhope ndi manyazi, koma kwa eni akewo ndiko kulonjerana: pamenepo pali timatumba ta fungo timene timauza mnzake kuti uyu ndani, ndi wamwamuna kapena wamkazi, tinakumanapo kapena ayi. Mukabwera kochezera anansi amene ali ndi galu wawo, wanu amakakamira mwendo wa buluku kapena m'mphepete mwa chitenje, kununkhiza mosapumira. Akufuna adziwe kumene munali ndi amene munali naye, ndipo nkhani yonse yalembedwa pa nsaluyo.

Makolo athu anamuonetsetsa galu mpaka m'tulo mwake. Anaona mmene amakondera paphulusa lofunda, pakati pa mafuwa, moto ukazima. Anthu alowa m'nyumba, kunja kwada, iye adakali pomwepo, atadzipinda mphuno pansi pa mchira. Nthano imati anzake anamuchenjeza kuti achoke, iye n'kumati pakadafunda, mpaka chilombo chinamupeza. Ndimo munachokera mawu akuti pakadafunda padajiwitsa galu, chenjezo kwa aliyense amene amazengereza chifukwa pamene wakhala pakukoma. Chenjezolo ndi loona, ndipo amene analipeka anali atakhala nthawi yaitali akuyang'ana galu m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye. Kudzipinda kuja kumasunga kutentha kwa thupi ndi kuteteza mimba. Ikafika Okotobala galu yemweyo amasintha: amakumba kadzenje pamthunzi, makamaka pamene pamatayidwa madzi, n'kugonamo chafufumimba, lilime lili panja. Thupi lake silituluka thukuta ngati lathu, kupatula pang'ono kumapazi, ndiye amadziziziritsa ndi wefuwefu komanso ndi chinyontho cha dothi. Mayi akakwiya kuti galu wawononga bwalo losesedwa, galuyo amakhala atangofuna pothawira kutentha.

Kupalasa miyendo m'tulo kumaseketsa kuposa zonse. Galu ali gone, zikope zikuphethira, milomo ikunjenjemera, miyendo ikuthamanga pamalo amodzi. Tulo ta galu tili ndi gawo lija limene maso amayendayenda pansi pa zikope, gawo limene ife anthu timalota kwambiri. Mu 2001 akatswiri a ku Massachusetts Institute of Technology ku America anaonetsa kuti makoswe akagona, ubongo wawo umabwereza njira zimene anathamangamo ali maso. Ngati khoswe amatero, n'zomveka kuganiza kuti galu wogona uja wabwerera kudambo, kalulu ali patsogolo pake. Musiyeni amalize liwiro lake, pakuti galu wodzidzimutsidwa m'tulo amatha kuluma asanazindikire dzanja la mbuye wake.

Zonsezi galu anabwera nazo kuchokera kutchire. Koma pali zina zimene anazipeza atafika kale pakhomo pa munthu, ndipo zimenezi ndi zimene zimandigwira mtima. Akulu amati patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Galu woleredwa bwino salanda. Amangokhala chapatali pang'ono, n'kutukula nsidze cham'kati, maso n'kuoneka aakulu ndi achisoni ngati a khanda, ndipo musanaganize n'komwe mwamuponyera kale nthongo ya nsima. Mu 2019 Juliane Kaminski wa ku yunivesite ya Portsmouth ku Britain, pamodzi ndi anzake, anayerekeza nkhope za agalu ndi za mimbulu. Anapeza kuti agalu ali ndi kamnofu kotukulira nsidze kamene mwa mimbulu kamangopezeka ngati timaulusi tochepa. Gulu lomweli linali litaonanso kuti galu amasinthasintha nkhope kwambiri pamene munthu akumuyang'ana kusiyana ndi pamene wamufulatira. Ndiye kuti nkhope ija imayankhula, ndipo amene akuyankhulidwa ndife. Zikuoneka kuti mibadwo ya anthu inkakonda ndi kudyetsa agalu amene nkhope zawo zinkawafika pamtima, mpaka khalidwelo linakhazikika m'minofu.

Kuyang'anana kumeneku kumalowa mpaka m'magazi. Mu 2015 ofufuza a ku yunivesite ya Azabu ku Japan, motsogozedwa ndi Miho Nagasawa ndi Takefumi Kikusui, anapeza kuti galu ndi mwini wake akayang'anana m'maso kwa nthawi, onse awiri amachulukitsa m'thupi timadzi totchedwa oxytocin, timene timathandizanso kulumikiza mayi ndi khanda lake. Mimbulu yoleredwa ndi anthu sinaonetse zimenezi. Agogo amene amakhala okha n'kumacheza ndi galu wawo pakhonde, anthu odutsa n'kumadabwa, akulandira chitonthozo chenicheni, ndipo galuyo akuchilandiranso.

Kupendeketsa mutu kuja nakonso kwafufuzidwa. Ku yunivesite ya Eötvös Loránd mumzinda wa Budapest ku Hungary, mu 2021, akatswiri anayesa agalu 40 powatchulira mayina a zidole. Agalu 7 mwa iwo anali ndi mphatso yosunga mayina ambiri, ndipo amenewa ankapendeketsa mutu maulendo 43 pa 100 alionse akamva dzina la chidole, pamene enawo ankatero maulendo 2 okha pa 100. Ofufuzawo anaona kuti kupendeketsako kumayendera limodzi ndi kutchera khutu ndi kukumbukira. Ndipo agalu ena amakumbukira modabwitsa. Chaser, galu wamkazi wa mtundu wa Border Collie amene anaphunzitsidwa ndi John Pilley ku South Carolina, ankadziwa mayina a zinthu 1,022, ndipo ankatha kutola chimene watumidwa pakati pa mulu. Galu wapakhomo panu mwina sadziwa mayina ochuluka chotero, koma amadziwa kulira kwa njinga yanu pakati pa njinga zonse za m'mudzi, amadziwa nsapato zopitira kumunda ndi zopitira kutchalitchi, ndipo amadziwa kuti mukavala zoyambazo ndiye kuti naye apita nawo.

Mchira nawo uli ndi chinenero chake. Mu 2007 akatswiri atatu a ku Italy, Angelo Quaranta, Marcello Siniscalchi ndi Giorgio Vallortigara, anajambula michira ya agalu 30. Galu akaona mwini wake, mchira unkapendekera kwambiri kudzanja lamanja la galuyo. Akaona galu wachilendo woopsa, unkapendekera kumanzere. Mu 2013 kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti agalu anzawo amaona kusiyanaku: akaona mchira wopita kumanzere, mtima wawo unkagunda mofulumira. Tikuphunzirapo kuti si kugwedeza mchira kulikonse kumene kuli chimwemwe. Galu wokondwa amagwedeza ndi chiuno chomwe, thupi lili lofewa, pakamwa pali yasa. Mchira woimirira, wouma, wonjenjemera mofulumira kunsonga, ndi wa galu amene mtima uli m'mwamba, ndipo ameneyo mpatseni mpata.

Onaninso agalu akamasewera. Mmodzi amagwetsa chifuwa pansi, miyendo yakutsogolo atatambasula, kumbuyo kuli m'mwamba, mchira ukuvina. Marc Bekoff, amene anakhala zaka zambiri akuonerera masewera a agalu ndi abale awo akutchire, anaona kuti kuwerama kumeneku kumabwera kawirikawiri pafupi ndi kulumana kwamasewera, ngati kunena kuti usaope mnzanga, ndikungocheza. Galu wamkulu amatha kudzigwetsa dala chagada kuti kagalu kamukwere pachifuwa n'kumukoka khutu. Ali ndi mano otha kuphwanya fupa la mbuzi, koma amagwira khosi la mnzake osasiya ndi bala lomwe. Ana amene amakula akuona zimenezi amaphunzira kuti wamphamvu angathe kudzichepetsa kuti wamng'ono asangalale.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akatswiri onsewa, ndi makamera awo, anachita chimene alenje ndi agogo athu ankachita: anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa. Ndipo kudekha kumeneku kunaulula chinthu chimodzi chimene chiyenera kutikhudza tonse. Mumabwera kunyumba n'kupeza mphika wa ndiwo uli chadodolido, kapena mazira a nkhuku atha. Galu akubwera chokwawa, makutu atagona, mchira uli pakati pa miyendo, maso akuthawa anu. Aliyense amati taonani, akudziwa chimene wachita. Mu 2009 Alexandra Horowitz wa ku Barnard College ku New York anayesa agalu 14. Mwini galu ankaletsa galu wake kudya kachakudya n'kutuluka m'chipinda. Pobwera ankauzidwa kuti galu wadya kapena sanadye, ndipo nthawi zina ankauzidwa zosiyana ndi zimene zachitika. Zotsatira zake zinali zoti nkhope yamanyazi ija inkaoneka kwambiri galu akakalipiridwa, kaya wadya kaya sanadye. Agalu osalakwa amene anakalipiridwa ndi amene anaoneka olakwa koposa.

Nkhope imene timaiwerenga ngati kuvomera mlandu ndi pempho lakuti mkwiyo wathu uzizire. Galu waona mapewa athu, wamva mawu athu, wadziwa kuti kwaipa, ndipo akupepesa asanadziwe chimene chalakwika. Ndi agalu angati amene alandira ndodo chifukwa cha mazira amene anadyedwa ndi njoka kapena galu wa kwina? Ngakhale atakhala kuti wadyadi ndi iye, chilango chobwera patapita maola sichimuphunzitsa za mphika. Chimene amatolapo n'chakuti mbuye wake akafika pakhomo pamakhala zoopsa. Njira yabwino ndi kuvundikira mphika, kuika mazira pamwamba, kumuletsa nthawi yomweyo pamene mwamupezerera, ndi kumuyamikira akachita bwino. Galu amaphunzira msanga kwa munthu amene iye samuopa.

Tikunena izi chifukwa pakati pathu galu amakhala ndi mbiri ziwiri. Ndi mlonda wa usiku, mnzake wa mlenje, woperekeza ana kudambo. Koma dzina lake lomwelo ndi chitukwano, ndipo agalu ambiri amamva fotseki kuposa dzina lawo. Ena amakhala pa tcheni dzuwa lonse popanda madzi, ati kuti akhale olusa. Ena nthiti zili pamtunda, nkhupakupa zili mbwee m'makutu, akudya zapadzala. Komatu ubale wa munthu ndi galu sunayambe chotero. Mu 1914 anthu ophwanya miyala ku Oberkassel, pafupi ndi mzinda wa Bonn ku Germany, anafukula manda a mwamuna ndi mkazi amene anaikidwa zaka pafupifupi 14,200 zapitazo, ndipo pamodzi nawo panali mafupa a kagalu. Mu 2018 akatswiri atapima mano ake anapeza kuti kanadwala matenda oopsa a agalu kali ndi miyezi inayi kapena isanu, ndipo kanakhalabe ndi moyo milungu ingapo pambuyo pake. Kagalu kodwala chotero sikangasake, sikangalondere, ndipo sikangakhale moyo popanda wokapatsa madzi, kukafunditsa ndi kukapukuta. Anthu amene analibe munda kapena khola anasamala kanyama kopanda phindu, ndipo katafa anagona nako m'manda amodzi. Chibale ndi fupa, sichiola.

Kumudziwa galu kumatetezanso moyo. Munthu amene amadziwa mmene galu wake amasewerera, amagonera ndi kulonjerera ndi amene amayamba kuona zinthu zikasintha: galu wochezeka wayamba kubisala kumdima, kapena wofatsa wayamba kuluma chilichonse, dovu likutuluka, mawu asintha. Zimenezi zingakhale zizindikiro za chiwewe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi 4 mwa 10 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe ndi ana osafika zaka 15. Chiwewe chikayamba kuonekera mwa munthu sichichizika, koma chimapeweka. Agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasowa poyenda. N'chifukwa chake kuyambira mu 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu zikwizikwi mumzinda wa Blantyre ndi madera ozungulira, ndipo pamizere ya katemerayo pamadzaza ana atanyamula tiagalu m'manja kapena kukoka akuluakulu ndi chingwe. Munthu akalumidwa, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako athamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Ana omwewo ndi amene tiyenera kuwaphunzitsa chinenero cha galu, chifukwa ndi iwo amene amagwa naye m'fumbi. Adziwe kuti galu akamayasamula pamene sali ndi tulo, akamanyambita milomo pamene palibe chakudya, akamatembenuza mutu n'kuonetsa choyera cha m'maso, akunena kuti ndatopa, ndisiyeni. Adziwe kuti galu amene akudya, wogona, kapena woyamwitsa sasokonezedwa, ndiponso kuti galu wachilendo samuthamangira ndipo samuthawa ndi liwiro. Agalu ambiri amene amaluma amakhala atachenjeza kangapo, ndipo chimene chinasowa ndi wowamva.

Kwa zaka zikwi zambiri nyama imeneyi yakhala ikuphunzira nkhope zathu, mawu athu, ngakhale kumene chala chathu chaloza. Yafika posintha minofu ya m'maso mwake kuti timvane. Mbali yake yachita, ndipo imaichitabe m'mawa uliwonse ikatithamangira ngati tinapita kalekale. Mbali yathu si yolemera: mbale ya madzi oyera pamthunzi, chakudya chokhutitsa, katemera chaka ndi chaka, mankhwala a nkhupakupa, kumumasula kuti athamange, ndi mtima wofunsa chifukwa tisanatole mwala. Sekani naye galu wanu, pakuti amaseketsadi. Koma amene wakuseketsani ndi kukulonderani usiku muli ndi mangawa kwa iye, ndipo mangawawo amabwezedwa iye adakali moyo.